Ndiwo za Masamba ndi Nyengo Zache

Mvula yakata, chimanga chili kuuma m'minda, ndipo aliyense mtima uli pa nkhokwe. Ife tifuna kunena za chinthu chimene ambiri achiyesa chachabe, ndicho ndiwo za masamba. Pakuti Epulo ndi Meyi ndiyo miyezi yoganizira chimene ana adzadyera nsima mu Okutobala.

Pa dzinja palibe wodandaula. Bonongwe, luni, chisoso ndi denje zimera zokha, ndipo m'munda muli nkhwani, khwanya, chitambe ndi kholowa. Koma likafika dzuwa la chilimwe, thengo litapsa, masamba aawisi apezeka kwa okhawo ali ndi dimba. Apo mpamene mai amene anafutsa aoneka wanzeru.

Tsono kafutsidwe nako kali ndi mwambo wache. Thyolani masamba anthete, muwatsuke, muwaviike m'madzi owira kanthawi kochepa chabe, ndipo muwayanike pamwamba, pa mthunzi popita mphepo. Tidziwa kuti amai ambiri ayanika padzuwa kuti aume msanga. Komatu dzuwa loswa mtengo liwononga chija cha m'masamba chimene thupi lichisandutsa vitamini A, ndiye asunga maso ndi kulimbitsa mwana pa matenda. Mwana woperewera vitamini ameneyu ayamba kuphunthwa madzulo, osaona bwino kukachita chisisira. Akauma gwa, mangani chikwatu cha masamba a msuku monga anachitira makolo, kapena tsekerani mumphika wouma.

Pophika, soda ndi chidulo zifewetsa ndithu, ndipo therere lopanda izo ambiri alikana, sitilimbana nawo. Koma kuthira soda m'ndiwo iliyonse ndiko kupha mavitamini ena mumphika momwemo. Chigwada chokha ndicho chifuna kusinja ndi kuwiritsa mokwanira, mphika uli wosavundikira, kuti ululu wache uchoke.

Nsinjiro musazione ngati zokometsera chabe. Mafuta ache athandiza thupi kulandira vitamini A, ndiponso mtedza uli ndi niacin, amene thupi silimpeza wokwanira m'chimanga. M'chaka cha 1990, pamene mtedza unasowa pa chakudya chogawira othawa nkhondo a ku Mozambique amene anali kum'mwera kwa Malawi, anthu oposa 18,000 anagwidwa ndi pelagra, nthenda yosupula khungu pamene pawomba dzuwa, yotsegula m'mimba, ndipo ikakula isokoneza mutu. Nsima anali kudya anthuwo. Koma mtedza wachuku tayani, usalowe mumtondo.

Za kulimbitsa thupi tinene pang'ono. Ku India kuli mwambo wakale wotchedwa yoga, wa kudziwongola pang'onopang'ono ndi kupuma mofatsa, ndipo mu 2014 bungwe la United Nations linaupatsa tsiku lache, pa 21 Juni. Kwathu kuno tsikulo ligwa pakati pa chisanu, nthawi imene okalamba adandaula msana ndi mawondo. Wogwira khasu sasowa zolimbitsa thupi; chimene asowa ndiko kuwongola msana umene waweramira tsiku lonse, ndipo mphindi 10 pamphasa m'mawa sizilira ndalama.

Kadyedwe nako tikaone. A World Health Organization alangiza munthu wamkulu kudya magalamu 400 a masamba ndi zipatso pa tsiku, pamene ife tizolowera mtanda waukulu ndi kandiwo kongosunsa. Khalani pansi, sambani m'manja, tafunani mosafulumira, pakuti kukhuta kumveka mochedwa. Tiyi adikire ola limodzi, popeza aletsa thupi kutenga ayironi wa m'masamba. Gwafa kapena malambe ndizo zithandiza. Ndipo mwana wamng'ono mpatseni mbale yacheyache. Pa mbale imodzi ndi akulu ache, iye ali kuuzira mbamu yoyamba, ndiwo zatha kale.