Kamvuluvulu wa M'kati mwa Wotchi

Ana inu, mukaika pakhutu wotchi yosayendera batire, ija imene mwini wake aiwayinda ndi zala, mudzamva kulira kwake kosalekeza. M'kati mwake muli sipuling'i yaikulu yosunga mphamvu, ndi timagudumu ta mano tolumanalumana. Koma mtima wa wotchi ndiwo kagudumu kena kopanda mano, kamene kapita uku ndi kubwerera uku. Chokabweza ndicho kasipuling'i kopyapyala ngati tsitsi. M'mawotchi ambiri akale kagudumuka kagunda kasanu pa sekondi, ndiko kuti ka 18,000 pa ora. Pambali pake pali kachitsulo ka nyanga ziwiri kamene kagwira ndi kutaya mano a gudumu lina, limodzilimodzi. Ndipo kulira kuja kuchokera pamenepo.

Tsono mtima umenewu uli ndi mdani wake, ndiye mphamvu ya dziko yokokera zinthu pansi, yomwe ija igwetsa mango mumtengo. Kale anthu ankasunga wotchi m'thumba la pachifuwa, ili chiimire tsiku lonse. Palibe mmisiri angathe kusula kagudumu kolemera mofanana ndendende mbali zonse. Chifukwa chake mbali yolemerapo inkakokedwa pansi, ndipo wotchi inkathamanga kapena kutsalira. Tawerengani nokha: wotchi yotsalira masekondi 10 pa tsiku idzakhala itataya mphindi 5 pakutha masiku 30.

Mmisiri amene analimbana ndi vutoli ndiye Abraham-Louis Breguet. Anabadwira ku Neuchâtel m'dziko la Switzerland m'chaka cha 1747, nagwira ntchito yake ku Paris. Iye anadziwa kuti sangaletse dziko kukoka. Koma lingalirani munthu wootcha chimanga: sachotsa moto, koma atembenuza chimangacho kuti mbali zonse zipse mofanana. Momwemo Breguet anaika kagudumu kogunda, kasipuling'i kake, kachitsulo ka nyanga ziwiri ndi gudumu lake, zonse m'kachikwere kachitsulo kozungulira. M'mawotchi ambiri kachikwereka katha ulendo umodzi pa mphindi. Potero mbali yolemerapo ikhala mwamba, m'mbali, pansi, ndi m'mbali inanso. Zimene wotchi yapindula kwina izitaya kwina, ndipo zolakwazo zifafanizana zokha. Boma la France linampatsa chikalata chotsimikiza kuti luso ili ndi lake pa 26 Juni 1801. Dzina lake ndi tourbillon, ndilo liwu la Chifalansa lotanthauza kamvuluvulu.

Kupanga kachikwereka ndi ntchito yofuna kuleza mtima. Kayenera kupepuka, pakuti kaima pa kugunda kulikonse, ndipo sipuling'i yaikulu iyenera kukayendetsanso. Kawirikawiri kachikwere ndi zonse za m'kati mwake sizifika galamu imodzi. Kayeneranso kulemera mofanana mbali zonse, kuti kangabale cholakwa chatsopano. Pansi pake mmisiri amanga gudumu losayenda, ndipo kagudumu ka mano ka m'chikwere kagubuduzika mozungulira gudumulo, nikalandira mphamvu potero.

Amisiri ena anapitiriza ntchitoyi. M'chaka cha 1920 Alfred Helwig wa ku Glashütte ku Germany anapanga kachikwere kogwiridwa pansi pokha, kuti kaoneke konse poyera. M'chaka cha 1947 kampani ya Omega inachepetsa kamvuluvulu kuti akwane m'wotchi yapamkono, ndipo mu 1986 Audemars Piguet inapanga kachikwere ndi chitsulo chopepuka chotchedwa titanium.

Koma mkono sukhala chiimire ngati thumba. Ugwedezeka tsiku lonse, nutembenuza wotchi wokha. Chifukwa chake phindu la kamvuluvulu pamkono ndi lochepa, ndipo wotchi ya batire yotsika mtengo isunga nthawi bwino koposa. Anthu agulabe mawotchi otere pa mtengo waukulu chifukwa cha luso la manja opanga. Ifenso tiphunzirepo ichi: chovuta chimene sitingathe kuchichotsa, nzeru ndi khama zitha kuchichepetsa mphamvu.

Mafunso
1. Kodi mtima wa wotchi ndi chiyani?
2. Breguet anafanana bwanji ndi munthu wootcha chimanga?
3. Wotchi yotsalira masekondi 4 pa tsiku idzataya mphindi zingati pa masiku 30?