Funso la pakhomo la X-ray

Ndikamaphunzitsa za mafunde ku Fomu 4, ndimayamba ndi funso lija amafunsa kuchipatala asanajambule munthu: "Mayi, kodi ndinu oyembekezera?" Funsoli lili ndi mbiri yake.

Mu 1956, dokotala Alice Stewart wa ku Oxford anapeza kuti ana amene anajambulidwa ndi X-ray ali m'mimba ankamwalira ndi khansa mowirikiza pafupifupi kawiri poyerekeza ndi anzawo. Chifukwa chake? Cheza cha X-ray chimathothola maelekitironi m'maatomu, n'kuwononga DNA ya maselo amene akugawikana mofulumira.

Madokotala ambiri sanamukhulupirire, moti anapitiriza kujambula amayi apakati mpaka m'zaka za m'ma 1970. Lero sikani ya mimba imagwiritsa ntchito mafunde a mawu, omwe sathothola kanthu.

Ndiyetu achemwali anu akamakajambulitsa, auzeni asabise mimba, ngakhale ya mwezi umodzi.