Manambala a pa mpope wanu ali ndi nkhani

Ku Kanakantapa, m'boma la Chongwe, ndinapeza mlimi wina akutsuka mpope wake wopopera mbewu. Anandilozera zilembo ndi manambala odindidwa kunsi kwa thanki, n'kufunsa kuti, "Bambo, kodi izi n'zachiyani?"

Imeneyo ndi nambala ya patent, chikalata choteteza wotulukira chinthu chatsopano kuti ena asamubere luso lake kwa zaka 20.

Ine ndimayamba ndi zilembo ziwiri zoyambirira, chifukwa zimatchula ofesi yoona za patent. ZM ndi Zambia, komwe ntchitoyi ili m'manja mwa PACRA ku Lusaka. MW ndi Malawi. AP ndi ARIPO, bungwe la ku Harare lomwe linabadwa ndi pangano la ku Lusaka mu 1976. WO ndi pempho lolowera m'mayiko ambiri kudzera ku WIPO ku Geneva.

Pempho la ku ARIPO limayamba ndi AP/P/, kenako chaka, kenako manambala 6 osonyeza malo ake pamndandanda. Pempho lodzera ku WIPO likasindikizidwa limakhala WO, chaka, manambala 6, ndipo kumapeto kaŵirikaŵiri A1.

Chilembo chakumapetocho musachiphonye. Kaŵirikaŵiri A amatanthauza kuti pempho langolengezedwa, patatha miyezi 18 chiliperekere. M'mayiko ambiri, B ndiye amasonyeza kuti patent yavomerezedwa.

Ndikufunitsitsa kuti amisiri athu owotcherera zitsulo adziŵe izi. Patent imagwira ntchito m'mayiko okhawo amene inaperekedwa, ndipo zaka 20 zikatha, luso lija limasanduka la aliyense. Lembani nambalayo pa Espacenet, pa intaneti, muŵerenge kapangidwe kake mwaulere.