KUYENDA M'NKHALANGO NDI MASEWERA A YOGA: KODI A M'KOMBONI ADZAFIKAKO?

Munthu wa ku Kanyama kapena ku Chawama safunika kuphunzitsidwa kuyenda pansi. Mai wogulitsa ndiwo amadzuka tambala woyamba, nayenda mpaka ku msika wa Soweto, nabwerera ali ndi dengu pamutu. Koma kuyenda kwake ndi kwa m'fumbi ndi mu utsi wa magalimoto, ndipo m'dzinja ndi kwa m'matope, mtima uli pa ndalama za lendi. Cifukwa cace amadabwa akamva kuti mu Lusaka momwemo muli anthu amene amalipira ndalama kuti akayende pansi m'thengo.

Anthu amenewa amanyamuka m'mamawa ali gulu. Wodziwa njira amatsogola, ndipo wina amatsalira m'mbuyo kuti wofooka asasiyidwe. Akayenda ola limodzi kapena awiri amaima pamthunzi, nayala zitenje kapena timphasa, nayamba masewera ochedwa yoga. Palibe kuthamanga kapena kulumpha. Munthu amatambasula manja, amawerama mpaka kukhudza pansi, amaima ndi mwendo umodzi ngati kakowa, ndipo amakoka mpweya ndi mphuno pang'onopang'ono, nautulutsanso mosafulumira. Thupi limene lafunda ndi ulendo limapindika mosabvuta.

Yoga inayambira ku India kale kwambiri, ndipo mizu yace ili m'cipembedzo ca kumeneko. Ndico cifukwa Akristu ena amaikaikira. Dzinali linacokera ku liu lotanthauza kumanga pamodzi, monga mlimi amangira ng'ombe ziwiri m'goli. Pano ng'ombezo ndi thupi ndi maganizo. Mu 2014 bungwe la United Nations linasankha tsiku la 21 June kukhala la yoga, poona ubwino wace pa umoyo.

Bungwe la umoyo la dziko lonse limati munthu wamkulu azigwiritsa nchito thupi lace mphindi zosacepera 150 pa mlungu, kuti apewe matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Komabe wodwala asataye mapilitsi a ku cipatala poganiza kuti mthunzi wa msuku wamciritsa.

Bvuto ndi malo. Awerengi a kumudzi angaseke, popeza thengo liri kuseri kwa nkhokwe. Koma mwana wa ku George kapena ku Matero angakule osaona njira ya m'nkhalango. Paki ya Lusaka National Park, imene inatsegulidwa mu 2015 kum'mwera cakum'mawa kwa mzinda, iri ndi mahekitala oposa 6,700, ndipo muli mbidzi ndi nyamalikiti. Koma kufikako kumafuna galimoto ndi ndalama za pacipata, zimene banja la m'komboni limayamba lazisinthanitsa ndi ufa.

Kum'mawa, kupyola Mtendere, kuli nkhalango ya boma ya nambala 27, kumene mtsinje wa Chalimbana umayambira. Mu 1983 citetezo cace cinacotsedwa, mitengo inadulidwa, ndipo madzi a mtsinjewo anaphwa. Anthu a m'mbali mwace anadandaula kufikira Pulezidenti Frederick Chiluba anaibwezera m'manja mwa boma mu 1996. Kuyambira 2017 mpaka 2019 zigawo zina zinadulidwanso kukhala mapuloti, ndipo pamene panali tinjira ta pansi pa mitengo panamangidwa mipanda ya njerwa.