Kachotsekera ka pa mfuti: mkangano uli pa chala

Pa mfuti ya m'manja ya M1911, imene John Browning anapanga ndipo asilikali a ku America anayamba kuigwiritsa ntchito mu 1911, pali kachotsekera, kachitsulo kam'mbali kamene munthu amakatsitsa ndi chala chachikulu asanawombere. Kakakhala m'mwamba, mfuti siilira ngakhale mukoke chowombera bwanji. Gaston Glock wa ku Austria anakasiya dala pa Glock 17 yake ya m'ma 1980. Iye anaika zotetezera zitatu zimene zimamasuka zokha chala chikakoka chowombera. Apolisi ambiri anaikonda, ndipo mkangano wa kachotsekera unakula.

Kunena zoona, nkhani yagona pa kufewa kwa chowomberacho. Mfuti zambiri zakale za revolver zinalibe kachotsekera chifukwa chowombera chake chinali cholimba, chofuna mphamvu. Cha Glock chimagonja ndi mphamvu ya makilogalamu awiri ndi theka basi, ndipo mfutiyo siisiyanitsa chala cha mwini wake ndi nsonga ya malaya imene yakodwa pobwezera mfuti m'chimake. Apolisi a ku New York anaona vutoli nalimbitsa chowombera kupitirira makilogalamu asanu, koma chowombera cholimba chimagwedeza dzanja, chipolopolo n'kuphonya. Ndiye ngati chowombera chili chofewa, kachotsekera kakhalepo. Gulu lankhondo la America posankha SIG Sauer P320 mu 2017 linatenga mtundu wokhala nako, pomwe ambiri ogula m'sitolo amatenga wopanda.

Otsutsa kachotsekera amati munthu akadzidzimuka, mtima uli phaphapha, amaiwala kukatsitsa ndipo mdani amamuyambirira. Mantha amenewa ndi omveka. Koma taonani: iwo omwewo amati mfuti yopanda kachotsekera ilibe vuto bola chala chisayandikire chowombera nthawi isanakwane. Ngati kuyeserera kungaphunzitse chala chimodzi kudziletsa pa mantha, kulepherenji kuphunzitsa chinzake kutsitsa kachitsulo? Komanso wapolisi amasolola ndi kubwezera mfuti kambirimbiri pa ntchito yake, pomwe ena amapuma ntchito osawomberapo munthu. Ngozi ya tsiku ndi tsiku ndi imene iyenera kulemera pa sikelo.

Pamene otsutsa alasa ndi apa: kachotsekera kamapusitsa. Wina amasiya mfuti yodzaza m'dirowa poganiza kuti yatsekeka, chonsecho kachala ka mwana wa zaka zisanu kakhoza kukatsitsa akungoseweretsa.