Moyo ndi wopatulika: chiphunzitso cha maepiskopi chikafika m'zigafa za ku Kasungu

Mvula ikakhazikika m'boma la Kasungu, kuchokera kwa Santhe kukafika kwa Chulu ndi kwa Kaluluma, maso amangoona fodya yekhayekha. Pofika mu Febuluwale ntchito imakhala itasamukira m'zigafa. Mumapeza mayi woyembekezera atakhala pathumba, singano yaitali ili m'manja, akusoka masamba, zala zitada bii ndi utomoni wa fodya, ana ake awiri akumuyandikizira masamba othyoledwa m'mamawa mame asanaume. Lamulungu likakwana mayi yemweyo amavala chitenje cha Amayi Achikatolika ndi kupita kutchalitchi, kumene katekisiti amawerenga kalata ya maepiskopi yonena kuti moyo wa munthu ndi wopatulika kuyambira pamene mayi waima mpaka pamene Mulungu mwini wautenga.

Chiphunzitsochi sichinabwere dzulo. Papa Yohane Paulo Wachiwiri, amene anaponda dziko lino mu Meyi 1989, anachifotokoza mwatsatanetsatane m'kalata yake yotchedwa Evangelium Vitae ya pa 25 Malichi 1995. Mfundo yake ndi yakuti mwini moyo ndi Mulungu, choncho palibe dokotala, phungu kapena kholo limene lili ndi mphamvu yochotsa moyo wa munthu wosalakwa. Maepiskopi a m'Malawi akhala akuimirira pa mfundo imeneyi osasunthika, ndipo Akatolika, amene kalembera wa 2018 anapeza kuti ndi anthu pafupifupi 17 pa 100 alionse m'dziko muno, ndi gulu limene andale sangalinyalanyaze.

Bilu imene inagwedeza mipingo

Lamulo la milandu la dziko lino limaletsa kuchotsa pathupi pokhapokha ngati moyo wa mayi uli pachiswe. Wochotsa mnzake pathupi angathe kukhala kundende zaka 14, mayi wodzichotsa yekha zaka 7, ndipo wopereka mankhwala kapena zipangizo zaka 3. Bungwe lounika malamulo la Law Commission litamaliza ntchito yake mu 2015 linapempha kuti zifukwa zololeza zionjezedwe: ngati thanzi la mayi, lathupi kapena lamaganizo, lili pangozi, ngati mwana ali ndi chilema choti sangakhale moyo, komanso ngati pathupipo padza chifukwa chogwiriridwa kapena kugonedwa ndi wachibale.

Pa 6 Disembala 2016, bungwe la maepiskopi a Katolika pamodzi ndi la Evangelical Association of Malawi anatsogolera Akhristu zikwizikwi m'misewu ya m'mizinda ndi m'maboma kukana maganizowo. Patapita zaka, phungu Mathews Ngwale, amene anali wapampando wa komiti ya zaumoyo m'Nyumba ya Malamulo, anayesa kubweretsa payekha bilu ya maganizo a Law Commission aja, koma mu Malichi 2021 aphungu anakana ngakhale kuyamba kuikambirana.

Ofuna kuti lamulo lisinthe nawonso ali ndi zonena zimene Mkhristu woona sayenera kuzitsekera khutu. Kafukufuku wa College of Medicine ndi bungwe la Guttmacher Institute anapeza kuti mu 2015 mokha mimba pafupifupi 141,000 zinachotsedwa m'Malawi, ndipo pa amayi 10 alionse ochotsa mimba, pafupifupi 6 anakumana ndi zovuta zofuna chithandizo cha kuchipatala. Anamwino amawadziwa atsikana ofika usiku akutaya magazi, atamwa zitsamba kapena atadzibaya ndi mtengo wa chinangwa. Kupambana kwa m'Nyumba ya Malamulo sikunachepetse misozi imeneyi. Lamulo lingaletse, koma silidyetsa mwana, sililipira fizi, ndipo silibweza mwamuna wothawa mimba.

Mpingo umaidziwa mbali imeneyi. Mu Novembala 2016 Papa Francis anapatsa wansembe aliyense mphamvu yokhululukira tchimo lochotsa pathupi m'sakramenti la kulapa, osadikira episkopi. Sanachepetse kukula kwa tchimolo, koma anatsegulira khomo mayi wosweka mtima kuti abwerere kwawo.

Mwana akabadwa, moyo wake ukadali wopatulika

Apa ndi pamene Kasungu akufunsa funso lake. Kwa zaka zambiri fodya wa m'maesiteti a kuno walimidwa ndi matenanti, mabanja ochokera kutali, ambiri kuchigawo cha kummwera, amene amatengedwa pa lole ndi lonjezo la ndalama. Mwini munda amawabwereka feteleza, mbewu, makasu ndi chimanga cha phoso, zonse n'kulembedwa m'buku. Fodya akapanidwa m'mabelo ndi kugulitsidwa ku okushoni ya ku Chinkhoma kapena ku Kanengo, bwana amayamba wadula ngongole yake. Chotsala nthawi zina sichikwana ndi thiransipoti yobwerera kumudzi. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Malipiro a tenanti amakhala pachala chaka chathunthu.

Popeza ntchito ndi yochuluka ndipo banja silingathe kulemba aganyu, ana ndiwo amalowa m'munda. Lipoti la bungwe la Plan International la mu 2009, limene kafukufuku wake anachitikanso ku Kasungu, linati ana oposa 78,000 ankagwira ntchito m'minda ya fodya m'dziko muno, ndipo mwana wogwira masamba onyowa angathe kulowetsa pakhungu pake nikotini wofanana ndi wa ndudu 50 pa tsiku. Mutu, chizungulire ndi kusanza zimene makolo amati ndi malungo nthawi zambiri zimachokera pamenepo. Mu Novembala 2019 dziko la America linayamba kugwira fodya wa Malawi pamadoko ake chifukwa cha nkhani yomweyi, ndipo mu 2020 maloya a Leigh Day anasumira makampani a British American Tobacco ndi Imperial ku London m'malo mwa alimi ndi ana awo zikwizikwi. Mu 2021 lamulo la za ntchito linasinthidwa ndipo utenanti unaletsedwa, koma amene amayenda m'midzi akudziwa kuti mchitidwewu sunatheretu.

Mkatolika wogwiritsa mwambo wa Mpingo sayenera kuona nkhaniyi ngati ya mabungwe a ufulu okha. Papa Leo XIII anaphunzitsa za malipiro achilungamo kale mu 1891. Katekisimu wa Mpingo, potchula machimo ofuulira kumwamba, amaika magazi a Abele pamndandanda umodzi ndi kumana wantchito malipiro ake. Ansembe a White Fathers, kudzera ku Centre for Social Concern ya ku Kanengo imene Bambo Jos Kuppens anaitsogolera kwa nthawi yaitali, anafufuza ndi kulankhula za matenanti kwa zaka zambiri lamulo lisanasinthe. Mwini esiteti amene amayenda nawo pachionetsero chokana kuchotsa mimba, koma n'kubweza tenanti woyembekezera kwawo chimanjamanja, waswa lamulo lomwelo limene amaliteteza mumsewu.

Kasungu anaonanso nkhanza ina yonyoza moyo. Mu Epulo 2016 mwana wachialubino wosakwana zaka ziwiri anabedwa usiku ali mtulo pafupi ndi mayi ake, ndipo anapezeka ataphedwa. Zaka ziwiri pambuyo pake, ku Machinga, wansembe wa dayosizi ya Zomba anamangidwa pa mlandu wokhudza imfa ya mnyamata wachialubino. Episkopi wake, Ambuye George Tambala, anamuimitsa pa ntchito ya unsembe, ndipo mu 2022 khoti linamulamula kukhala kundende zaka 30. Mpingo sunamubise. Utsogoleri umene ukufuna kuti anthu aumvere pa nkhani ya moyo uyenera kuyamba wasesa m'nyumba mwake motero.

Mphamvu ya mawu a abusa

Ambuye Tambala anasankhidwa kukhala Arkiepiskopi wa Lilongwe mu 2021, kulowa m'malo mwa malemu Ambuye Tarcisius Ziyaye, ndipo mbali yaikulu ya Kasungu ili m'manja mwawo, pamene dera la Nkhamenya kumpoto lili pansi pa dayosizi ya Mzuzu. Udindo wa uepiskopi uli ndi mbiri yolemera m'dziko muno. Pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, kalata ya maepiskopi yotchedwa Living Our Faith inawerengedwa m'matchalitchi onse, ngakhale kuno kwawo kwa Kamuzu Banda. Inakamba za malipiro ochepa, kusowa kwa mankhwala m'zipatala, kuthinana kwa ana m'sukulu ndi mantha oletsa anthu kulankhula. Boma linati kupezeka ndi kalatayo ndi mlandu, nyumba yosindikizira ya Montfort ku Balaka inaotchedwa, Monsinyo John Roche a ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko, ndipo Ambuye James Chiona ndi anzawo anaopsezedwa. Pa 14 Juni 1993 Amalawi anavotera ndale za zipani zambiri.

Anthu anawakhulupirira maepiskopi aja chifukwa anaika moyo wawo pachiswe polankhulira osauka. Chikhulupiriro chimenecho ndicho chimapatsa kulemera mawu a maepiskopi a lero akamakana kuchotsa mimba, kapena pamene mu Disembala 2023 analamula kuti m'Malawi ansembe asadalitse maubwenzi a amuna kapena akazi okhaokha, patangopita tsiku limodzi chikalata cha Fiducia Supplicans chitatuluka ku Vatican. Ulemu wotere umatha msanga ngati abusa amveka pa nkhani za kuchipinda zokha, n'kukhala chete pa za kuchigafa.

Zizindikiro zabwino zilipo. Ansembe a Chijezuiti, amene akutumikira parishi ya St Joseph m'tauni ya Kasungu, anatsegula sukulu yogonera ya Loyola Jesuit Secondary mu 2015, yolandira anyamata ndi atsikana, ndipo anasankha dala kuimanga kuno m'malo mwa mumzinda waukulu. Ku Nkhamenya Mpingo uli ndi chipatala ndi sekondale ya atsikana. Kuyambira 1993 ndondomeko ya boma imalola mtsikana wobereka kubwerera kusukulu, ndipo miphakati ingathe kuonetsetsa kuti zimenezi zikuchitika, pomusungira mwana, pomusonkhera fizi ndi poleka kumuloza chala akalowa m'tchalitchi.

Ambuye maepiskopi athu, musasunthike pa chiphunzitso chakuti moyo wa mwana wosabadwa ndi wopatulika. Koma kalata yanu ikamadzawerengedwanso ku Kasungu, itchulenso tenanti, mwana wa m'chigafa ndi mtsikana wothawidwa. Ndipo inu Akhristu a m'miphakati, msika wa fodya usanatsegulidwe chaka chino, funsanani poyera: ndani mwa ife ali ndi antchito amene sanawalipire, ndipo ndi mtsikana uti m'mudzi mwathu amene akubisa mimba chifukwa choopa ife?