Ndani atilawire mabuku ndi mapulogalamu tisanagule?

Msika wa fodya ukangotsegulidwa pa Chinkhoma, boma lonse la Kasungu limasintha nkhope. Ndalama zimayamba kuyenda pa Santhe, pa Chamama, kwa Nkhamenya mpaka pa boma penipeni, ndipo amalonda nawo sagona tulo. Mlimi amene wakhala miyezi yambirimbiri akulimbana ndi nazale, chigafa ndi jeke amafuna agule foni yatsopano, sola younikira m'nyumba komanso mabuku a mwana wake amene akukonzekera mayeso a Fomu 4. Tsono funso langa lero ndi ili: kodi amene amamuuza mlimiyu kuti buku ili ndi laphindu, ili ndi lachabe, ndani? Yankho lake ndi lomvetsa chisoni, chifukwa amamuuza ndi yemwe akugulitsayo.

Taonani chodabwitsa chake, abale anzanga. Fodya wa mlimi yemweyu sagulidwa mwachimbulimbuli ayi. Amayamba wamusankha yekha tsamba ndi tsamba, wapansi payekha, wapakati payekha, wansonga payekha. Ku okushoni nako belo limatsegulidwa, ogula n'kusolola masamba a mkati kuti aone maonekedwe ndi kuuma kwake. Akapezamo pulasitiki, fodya wonyowa kapena magiredi osakaniza, belo limabwezedwa, mwini wake n'kutsala manja ali m'khosi. Palibe kampani imene imagula belo poona kukongola kwa chiguduli. Koma mlimi uja akafika pa sitolo ndi ndalama zake, amagula buku poona chikuto, n'kulowetsa pulogalamu mufoni chifukwa mnyamata wa pa benchi wanena kuti "iyi ndi boo, bwana." Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Nyererezo tikuzidziwa. Alipo mapamfuleti a mayeso amene amagulitsidwa m'misika ali ndi mayankho olakwika, ena otsata silabasi imene inasiyidwa kalekale. Alipo mabuku ophunzitsa bizinesi amene zitsanzo zake zonse ndi za ku London, osatchulako n'komwe za munthu wopikula kaunjika kapena wogulitsa usipa pa ngongole. Kumbali ya mapulogalamu ndiye zachita kunyanya. Ina imameza bandulo ngati fisi, ina siyenda pokhapokha netiweki ikhale yodzadza, pomwe ina imayamba yapempha chilolezo choona manambala a anzako, zithunzi ndi mauthenga ako onse, chonsecho ntchito yake ndi yongowerengera ndalama. Munthu amazindikira zonsezi ndalama zitapita kale.

Wina anena kuti nanga si boma lili ndi mabungwe oona zimenezi? Zoona, alipo. A Malawi Institute of Education ku Domasi amaunika mabuku ophunzitsira m'sukulu. A Malawi Bureau of Standards amayeza katundu. Bungwe la CAMA lakhala likulankhulira ogula kuyambira m'chaka cha 1994. Koma mabungwewa sangawerenge pamfuleti iliyonse ya pa msika wa Mtunthama, ndiponso sangayese pulogalamu iliyonse pa foni yotchipa ya mlimi wa kwa Chulu. Kunena zoona, dziko lino linazolowera kuwerengera ena mabuku pa cholinga china. Lamulo la m'chaka cha 1968 linakhazikitsa bungwe la Censorship Board, limene nthawi ya chipani chimodzi linkawerenga mabuku kuti lipeze oyenera kuletsa. Oletsa mabuku tinali nawo. Owerenga kuti atiuze buku lothandiza ndi amene akusowabe.

Anzathu a maiko akunja vutoli analithetsa okha, osadikira boma. Makompyuta atangoyamba kufala, anthu owagwiritsa ntchito anayamba kusonkhana m'magulu kuti azithandizana. Ku America gulu lotchedwa SHARE linayamba m'chaka cha 1955 pakati pa ogwiritsa ntchito makina a IBM. M'chaka cha 1975 ku California kunabadwa Homebrew Computer Club, komwe Steve Wozniak anakaonetsa kompyuta yoyamba ya Apple. Gulu la Boston Computer Society linayambitsidwa m'chaka cha 1977 ndi Jonathan Rotenberg, mnyamata wa zaka 13 zokha, ndipo linakula mpaka kupitirira mamembala 30,000 lisanatsekedwe mu 1996. Linali ndi mphamvu moti mu Januwale 1984 Steve Jobs anapita yekha kukalionetsa kompyuta yatsopano ya Macintosh.

Chimene chinkawapatsa mphamvu maguluwa ndi timanyuzipepala tawo ta mwezi ndi mwezi. Dongosolo lake linali losavuta. Kampani yopanga mapulogalamu kapena yosindikiza mabuku inkatumiza kope limodzi ku gulu. Membala mmodzi ankadzipereka kulitenga, kukaligwiritsa ntchito kunyumba kwa masabata angapo, kenaka n'kulemba zimene wapeza: zabwino zake, zovuta zake, mtengo wake, ndiponso mtundu wa munthu amene lingamuthandize. Malipiro panalibe, kupatula kuti akamaliza kulemba katunduyo ankakhala wake. Wolembayo sanali katswiri wa ku yunivesite ayi. Anali mphunzitsi, kalaliki, mwini golosale kapena gogo wopuma pa ntchito, ndipo n'chifukwa chake anzake ankamukhulupirira. Chimene chamuvuta iye chinali chodzawavutanso iwo.

Kuti timvetse kufunika kwa ntchitoyi sitifunika kupita kutali, chifukwa chitsanzo chili konkuno ku Kasungu. William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala kwa Wimbe analeka sukulu ya sekondale pa Kachokolo nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, makolo ake atalephera kulipira fizi. M'malo mongokhala, ankapita ku kalaibulale ka pa sukulu ya pulaimale ya Wimbe. Kumeneko ndi kumene anapeza buku la ku America lotchedwa Using Energy, limene pachikuto pake panali makina opukusidwa ndi mphepo. Chingerezi chinkamuvuta, koma zithunzi za m'mabuku a sayansi zinamutsogolera mpaka anamanga makina opanga magetsi pogwiritsa ntchito mitengo ya bulugamu, njinga yakutha, mapaipi a pulasitiki ndi zitsulo zotola. Nkhani yake inatuluka m'nyuzipepala mu 2006, anakalankhula ku Arusha mu 2007, buku lake linatuluka mu 2009, anamaliza maphunziro ku Dartmouth College mu 2014, ndipo mu 2019 kunatuluka kanema wa moyo wake.

Nkhaniyi timaikamba monyadira, ndipo m'pake. Koma pali mbali ina imene timaidumpha. Buku lija William analipeza mwamwayi, akufunafuna zina pa shelefu. Panalibe pepala pakhoma lonena kuti buku ili lili ndi zithunzi zomveka, ngakhale wosadziwa Chingerezi bwino atha kulitsata. Tsono tadzifunsani: ndi mabuku angati otere amene akudyedwa ndi chiswe m'makatoni m'sukulu zathu, chifukwa palibe amene anawatsegula n'kuuza anzake? Ndi ana angati anzeru amene anadutsa pa shelefu yoteroyo osaona kanthu? Dziko silingamadalire mwayi kuti buku likumane ndi mwini wake.

Chosangalatsa n'chakuti magulu tili nawo kale. Kuyambira m'chaka cha 1990, pomwe lamulo linasinthidwa kuti alimi ang'onoang'ono nawo aloledwe kulima fodya wa bale, amene kale anali wa maesiteti okha, alimi anapanga makalabu ochuluka zedi kuti azigulitsa limodzi ku okushoni. Bungwe la NASFAM linaphuka kuchokera m'makalabu oterewa. Lero pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi banki m'khonde, mavenda ali ndi makomiti awo m'misika, ophunzira a m'ma CDSS amawerengera m'magulu, aphunzitsi akuphunzira ntchito pa koleji ya Kasungu TTC. Onsewa ndi anthu amene amakumana kawirikawiri, ali ndi wapampando, mlembi ndi msungichuma. Chikusowa ndi mpando umodzi wokha, wa mlawi, munthu woti azilawira anzake buku kapena pulogalamu gulu lisanataye ndalama.

Nanga mlawiyo azinena chiyani? Pa buku, atiuze mtengo wake ndi komwe likupezeka, chaka chimene linasindikizidwa, ngati likugwirizana ndi silabasi imene a MANEB akufunsa, ngati Chingerezi chake mwana wa Fomu 2 angachimve, ndiponso ngati masamba sathothoka likangodutsa m'manja mwa anthu atatu. Asangowerenga mutu woyamba. Ngati ndi la masamu, asove mafunso khumi aone ngati mayankho a kumapeto ndi olondola. Pa pulogalamu, atchule foni imene anayeserapo, chifukwa chimene chikuthamanga pa foni ya bwana ku Area 47 chitha kukanika pa foni ya tenanti. Atiuze bandulo imene yatha pa sabata, ngati imagwira popanda netiweki, ngati imadula mayunitsi mwakachetechete, ndiponso ngati zimene walemba zimatsala foni ikatayika. Wamalonda amene akufuna kusiya kope la ngongole n'kuyamba kulemba mufoni, funso lomalizali ndi la moyo wa bizinesi yake. Dziko lino lili ndi lamulo la m'chaka cha 2024 loteteza zinsinsi za anthu pa makina, koma lamulo silingakuwerengere zimene pulogalamu ikupempha usanadine batani lovomera.

Komatu ntchitoyi ili ndi misampha yake, ndipo tisabisane. Msampha woyamba ndi mphatso. Ngakhale kunja kuja, olemba ena ankaopa kunena zoipa poopa kuti kampani ileka kutumiza katundu waulere, mapeto ake ndemanga zonse zinkangokhala zoyamikira. Vutoli linakula pa intaneti moti mu 2009 bungwe la boma la America loona za malonda, la FTC, linanena kuti wolemba aziulula ngati katunduyo anachita kupatsidwa, ndipo mu 2024 linakhazikitsa lamulo loletsa ndemanga zabodza ndi zogula. Kwathu kuno mphatsoyo ikhala fanta, tisheti kapena ya mayunitsi. Gulu ligwirizane poyambirira kuti buku loperekedwa ndi la gulu, ndipo mlawi anene poyera amene wapereka. Mbale wa wolemba bukulo kapena ejenti wa kampaniyo asapatsidwe ntchitoyi, paja fumbi ndiwe mwini.

Msampha wachiwiri ndi ulemu wathu womwewu. Ife Amalawi zimativuta kuuza munthu pamaso kuti ntchito yake ili ndi zolakwika, makamaka akakhala mphunzitsi wathu wakale kapena mkulu wa mpingo. Timangoti "mwayesetsa ndithu," kenaka n'kukamujeda kuseri. Enanso akapatsidwa mpata amasandutsa ndemanga kukhala bwalo la nsanje. Zonse ziwirizi n'zosathandiza. Mlawi wabwino amatchula tsamba ndi funso pomwe palakwika, n'kutchulanso pomwe pakoma. Wolemba wanzeru sangakwiye nazo, chifukwa wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo akadzasindikizanso bukulo lidzatuluka labwino kuposa kale.

Ndipo ndemangazi zilembedwe m'Chichewa, kapena m'Chitumbuka kwa anzathu a kumpoto kwa bomali. Ndemanga za pa intaneti zambiri zimalembedwa ndi anthu amene magetsi sawathimira, ogula bandulo ya mwezi wathunthu osaiwerengera. Nyenyezi zisanu zimene iwo apereka sizikutiuza kanthu za Wimbe. Chinanso, mapulogalamu ayamba kulankhula chilankhulo chathu. Google Translate inalowetsa Chichewa mu Disembala 2014, ndipo aliyense amene anaiyesa akudziwa kuti nthawi zina imalondola, nthawi zina imatulutsa Chichewa chimene ngakhale agogo sangachimve. Woweruza zimenezi sangakhale wa ku California. Ndi ntchito ya ife eni chilankhulo kuyesa, kulemba zolakwika ndi kuchenjeza anzathu asanatumize kalata yofunsira ntchito yomasuliridwa ndi makina.

Poyambira pake sipafuna thandizo la mabungwe akunja, sipafunanso msonkhano wa ku nyanja wokhala ndi maalawansi. Pakufunika kope limodzi la masamba 80, bolopeni ndi mphindi khumi pa msonkhano wa mwezi. Mlawi awerenge zimene walemba, anzake amufunse mafunso, mlembi asunge kopelo. Tsamba limodzi lipachikidwe pa bolodi la sukulu kapena pa ofesi ya msika, lina lijambulidwe n'kutumizidwa pa WhatsApp ku kalabu yoyandikana nayo, monga mmene magulu a kunja aja ankasinthanirana timanyuzipepala tawo. Mawailesi a m'madera, amene nthawi zonse amafuna nkhani za anthu awo, sangakane kuwerenga ndemanga yokonzedwa bwino.

Kwa inu ophunzira, iyi ndi sukulu yaulere ya kalembedwe ndi kaganizidwe, chifukwa munthu amene wafotokozera anzake buku saliiwala. Kwa inu amalonda oona mtima, mlawi si mdani wanu, poti katundu wabwino akatchuka amadzigulitsa yekha. Amene ayenera kuda nkhawa ndi okhawo amene amadyera pa umbuli wa ogula. Kalabu ya anthu 20 ikagula buku limodzi, mmodzi n'kulawira onse, anthu 19 apulumutsa ndalama zawo kapena agula akudziwa chimene akugula. Pa msonkhano wanu wa mwezi uno, mukatha za feteleza ndi za ngongole, sankhani mlawi. Safunsa anadya phula.